Wopereka Anzake Ndani? Maganizo Anga pa Buku la Panther in the Basement

Mawu oyamba

M'nkhani ino ndifotokoza mmene linandikhudzira buku lalifupi la Amos Oz (1939-2018), mlembi Wachiyuda wobadwira ku Yerusalemu. Bukuli linatuluka m'Chiheberi mu 1995 ndipo Nicholas de Lange ndiye analimasulira m'Chingerezi. Ndinaliwerenga kwathu ku Malindi pa tchuthi.

Zochitika m'bukuli

Nkhaniyi ikuchitika ku Yerusalemu mu 1947, ulamuliro wa Angerezi uli pafupi kutha. Mtengambali wamkulu ndi Proffy, mnyamata wa zaka 12. Iye ndi anzake awiri, Ben Hur ndi Chita, ali ndi kagulu kachinsinsi kolota zothamangitsa Angerezi. Kenaka Proffy apalana ubwenzi ndi Sajeni Dunlop, wapolisi Wachingerezi wofatsa, nayamba kuphunzitsana Chiheberi ndi Chingerezi. Anzake atadziwa, alemba pakhoma kuti iye ndi wopereka anzake, ndipo amuzenga mlandu. Chondipweteka n'chakuti omuweruzawo si adani, koma Ayuda anzake osewera nawo.

Mawu ndi tanthauzo lake

Monga wophunzira za ziyankhulo, ndinachita chidwi ndi mawuwa. M'Chiheberi munthu wotere amatchedwa "boged", ndipo chovala ndi "beged". Onse awiri ali ndi makonsonanti b-g-d, ngati kuti woteroyo amavala nkhope ina pamwamba pa yake. M'Chichewa namonso mneni "kupereka" ali pawiri. Timapereka mphatso, timaperekanso m'bale kwa adani monga anachitira Yudasi. Proffy anapereka chiyankhulo chake kwa mlendo. Anzake anamva tanthauzo lachiwirilo.

Bukuli ndi kwathu ku Malindi

Ku Malindi nkhani yotere si yachilendo. Nduna zitasemphana ndi Dr. Banda mu 1964, Henry Masauko Chipembere anabwerera kuno, ndipo mu February 1965 anatsogolera anthu ake kukathira nkhondo ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi. Ulendo wawo wa ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Boma linamutcha chigawenga, ndipo iye anamwalira ku America mu 1975. M'midzi munatsala kukayikirana.

Agogo anga aakazi amasimba za msodzi wina amene ankagulitsa chambo kwa asilikali. Anthu atayamba kumangidwa, mudzi wonse unaloza chala iyeyo. Maliro ake anapitako owerengeka. Ndili mwana sindinkakayika kuti anali kazitape. Nditatseka bukuli ndinawafunsa kuti, "Agogo, kodi alipo anamumva akuneneza munthu?" Anakhala chete, kenaka anati, "Mdzukulu wanga, masiku amenewo sitinkafunsa."

Chofooka cha bukuli

Komabe, Oz wamufewetsera mlandu Proffy. Mnyamatayu ndi mwana, ndipo Dunlop ndi munthu wabwino, motero wowerenga sachedwa kumukhululukira. Bwanji Dunlop akanakhala wankhanza? Bwanji mawu a Proffy akanamangitsa munthu? Kwathu kuno anthu anamangidwadi, ndipo mwina analipodi amene anawaneneza.

Mawu omaliza

Bukuli silinanditsimikizire kuti msodzi uja anali wosalakwa. Landionetsa kuti ndinamuweruza popanda umboni, pongolandira dzina limene anthu amantha anamupatsa zaka zambiri ndisanabadwe. Adzukulu ake ndimakumana nawo kunyanja, ndipo tsopano ndimayamba ndine kuwapatsa moni.