Dzino lachitsulo silipirira fodya

Kugombe la Nkhotakota dzino limagwira ntchito zambiri zomwe si zake. Limadula ulusi posoka ukonde, limatsekula botolo, limasenda nzimbe za ku Dwangwa. Likayamba kuwawa munthu amapirira mpaka tsaya litatupa, ndipo pofika kuchipatala cha boma kapena ku St Anne's mawu amakhala amodzi: "Adokotala, ingozulani." Masiku ano ena akuwonjezera kuti, "Ndikapeza ndalama ndidzaikitsa lachitsulo."

Bambo wina, mwini chilimila, anazipezadi ndalamazo usipa utagwa bwino. Mano ake awiri akutsogolo anali atapita kalekale ndi chitsekerero cha botolo. Anakwera basi kudzera ku Salima mpaka mumzinda. Dokotala woyamba atamujambula nsagwada anamuuza zosakoma: nkhama zikudwala, fupa lachepa, shuga ayezedwe, ndipo fodya asiyidwe kaye. Iye anaona ngati akumuchedwetsa dala. Anapeza malo ena, omwe anafunsa za ndalama zokha.

Kuti timvetse chomwe chinalakwika, tidziwe mmene dzinoli limakhalira. Si lija lovula pogona. Dokotala amaboola fupa la nsagwada n'kulowetsamo kachitsulo ka titaniyamu kokhala ngati sikuluwu, kenaka amadikira miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi kuti fupa limere mokakamira kachitsuloko. Dzino looneka lija limabwera pomaliza. Nzeruyi inachokera kwa Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden, yemwe m'zaka za m'ma 1950 anaona kuti titaniyamu amene anaika m'fupa la kalulu wakanirira osachoka. Munthu woyamba anamuika mano otere mu 1965. Choncho mwini ntchito weniweni ndi fupa. Likakana, palibe ndalama yomwe ingalinyengerere.

Ndipo fupa limakana pa zifukwa zodziwika. Dzino likazulidwa, fupa la pamalopo limayamba kuphwa, makamaka m'chaka choyamba. Utsi wa fodya umachepetsa magazi ofika kunkhama, bala n'kumachedwa kupola. Shuga wosasamalidwa amachita chimodzimodzi. Mitengo yoimika m'dothi lofumbwa siigwira denga.

Atamuika kachitsulo kumalo achiwiri aja, bambo uja anabwerera kunyanja, ndudu ili pakamwa usiku wonse poyembekezera mabwato. Tsiku lokaonedwanso linadutsa, poti ulendo wa mumzinda umadya ndalama komanso tsiku la malonda. Nkhama zinayamba kutuluka magazi potsuka. Kenaka fungo, kenaka mafinya. Choopsa n'chakuti kachitsulo kalibe mtsempha, motero matenda amatha kudya fupa mwakachetechete popanda ululu wodzutsa munthu usiku. Pamene kanayamba kugwedera, fupa linali litatha kuposa poyamba. Anakachotsetsa, n'kulipiranso.

Sindikunena kuti mano amenewa ndi oipa. Oikidwa ndi katswiri, m'kamwa mosamalidwa, amatha zaka zambirimbiri. Koma akatswiriwo kuno ndi ochepa. Pamene sukulu ya College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa KUHeS, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019 mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow, dziko lonse linali ndi madokotala otere osafika 50. Ambiri amene timakumana nawo m'zipatala za maboma ndi ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, odziwa kuzula, kumata ndi kutsuka mano. Kuboola nsagwada ndi ntchito ina. Amene akufuna kukuboolani mumufunse ngati ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ngati akujambulani kaye, komanso mudzabwera kangati. Akakwiya ndi mafunsowo, nyamukani.

Bambo uja lero amavala mano oikirira apulasitiki, omwe dokotala woyamba anamuuza kuti ayambe wavala podikira nkhama kupola. Ulusi amadula ndi mpeni.