Nyimbo za WITCH pa foni ya mwana

Werengani: 1 Samueli 16:7, 1 Atesalonika 5:21

Funso la sabata ino lachokera ku selo ya ku Bwacha. Mwana akumvera "Lazy Bones" ya WITCH, amayi ake aona dzinalo pa foni, mtima phaa! Ufiti walowa m'nyumba?

Tidziwe kaye. WITCH ndi gulu la Zamrock lomwe linayambira ku Kitwe. Dzinalo ndi chidule cha We Intend To Cause Havoc, kutanthauza kuti tabwera kudzasokoneza. Si za ufiti ayi. Chimbale cha Lazy Bones chinatuluka mu 1975. Mwa anyamata amene anachiyimba atsala a Emmanuel Jagari Chanda okha, ndipo iwowa anadzabadwa mwatsopano. Ife tikanangoona dzina, Mulungu anaona mtima.

Koma si nyimbo iliyonse yomwe imamanga munthu. Paulo akutiuza kuyesa, osati kungomeza. Manje makolo, musalande foni. Khalani pansi ndi mwanayo, mumvere limodzi, mumufunse: nyimboyi ikukuuza chiyani? Ikatha, mtima wako ukufuna kuchita chiyani? Mumvetsere asanamalize kuyankha musamudzudzule.

Mubwere ndi mayankho ku selo Lachitatu, tidzapempherere anawo.