Mmene Akatswiri Anadziwira Chimene Malungo Amachita mu Ubongo wa Mwana

Ubongo ndi wovuta kuufufuza chifukwa uli m'kati mwa chigaza. Kafukufuku wa malungo aakulu okhudza ubongo, yemwe anachitikira pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, akusonyeza njira zitatu zimene akatswiri amagwiritsa ntchito.

Njira yoyamba ndi kupima thupi la womwalira, makolo akalola. Gulu la Dr. Terrie Taylor wa pa yunivesite ya Michigan State linalengeza mu 2004 kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Mwa enawo, maselo ofiira a magazi okhala ndi tizilombo ta malungo anali atamatirira m'timitsempha ta mu ubongo.

Njira yachiwiri ndi kuyang'ana m'kati mwa diso. Timitsempha takumbuyo kwa diso timafanana ndi ta mu ubongo, choncho dokotala akaona timadontho toyera kapena magazi otayikira kumeneko, amatsimikiza kuti malungo ndi amene akomola mwanayo.

Njira yachitatu ndi makina a MRI, omwe amajambula ubongo munthu ali moyo. Makinawa anafika ku Blantyre mu 2008. Zotsatira za mu 2015 zinasonyeza kuti mwa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo unali utatupa kwambiri. Chigaza sichitanuka, ndiye ubongo ukatupa umapanikiza mbali imene imayendetsa kapumidwe, mwana n'kusiya kupuma.

Zimenezi zikukhudzanso ife amene tili kunja. Mwana wobadwira ku London kapena ku Johannesburg alibe chitetezo cha malungo, ndipo chanu chimachepa mukakhalitsa kunja. Musanapite kukaona abale kumudzi, onanani ndi dokotala kapena katswiri wa mankhwala kuti akupatseni mankhwala oteteza. Mwachitsanzo, atovaquone-proguanil amayambidwa tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanayambe, ndipo amapitirizidwa masiku 7 mutabwerako. Muzigonanso m'masikito.

Mwana akatentha thupi mutabwerako, ngakhale patadutsa miyezi, musadikire ndi panado. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, muuze dokotala dziko limene munapita, ndipo mupemphe kuti amuyeze malungo. Ngati akunjenjemera ngati wakhunyu kapena sakudzuka, itanani ambulansi nthawi yomweyo.