Mwagulitsa mbewu: ndalamazo muziika pati?

Alimi anzanga, nyengo yogulitsa mbewu ikafika pamsika wa Songani pamakhala chimwemwe. Koma poyendera alimi a m'dera la Mfumu Malemia ndaona kuti ambiri ndalama zimawathera mvula isanagwe. Si onse amene amathera ku mowa ayi. Ena amafunadi kuti ndalamazo zibereke, koma amaziika polakwika. Lero tione zolakwa zinayi.

Choyamba ndi kuyesa kuti ndalama zonse zimene mwalandira ndi phindu. Tiyerekeze kuti mwagulitsa tomato n'kupeza K500,000. Chotsani za feteleza, mbewu, mankhwala, aganyu ndi galimoto yonyamula. Ngati zonsezi zinadya K350,000, phindu lanu ndi K150,000 basi. Zinazo ndi mpamba woyenera kubwerera kumunda. Mukagulira njinga yamoto kapena malata, mwadya mbewu ya chaka chamawa.

Chachiwiri ndi kutsata mtengo wa chaka chatha. Mu 2016 nandolo anagulidwa pa mtengo wabwino, ndipo ambiri anawonjezera minda. Mu 2017 dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, linachepetsa nandolo wolowa m'dzikolo. Mtengo unagwa kotheratu ndipo alimi anasowa kogulitsa. Amene anadzalanso chinangwa, mtedza ndi mbatata sanalire kwambiri. Musanaike ndalama pa mbewu imodzi, dzifunseni kuti: adzagule ndani, kuti, ndipo mtengo ukagwa banja lidzadya chiyani?

Chachitatu ndi kusunga ndalama pansi pa mphasa kudikira mvula. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera. Amene anali atagula kale feteleza wa NPK ndi Urea anapulumuka. Choncho gulani zipangizo za ulimi mukangogulitsa mbewu, m'sitolo zovomerezeka, ndipo tengani lisiti. Matumbawo asanjeni pa mitengo, pamalo ouma.

Chachinayi ndi kuyamba ntchito yatsopano osafunsa. Bambo wina amene ndinamuyendera anaona mnzake akupindula ndi nsomba. Anakongola ndalama za katapila, nalemba aganyu kukumba dziwe pafupi ndi kamtsinje kamene kamaphwa m'chilimwe. Pofika Seputembala dziwe linali matope okhaokha, makumba ake akadali aang'ono, pamene wakatapila anali pakhomo mwezi ndi mwezi. Anagulitsa mbuzi zake zonse kuti abweze ngongoleyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti malo a boma ofufuza za ulimi wa nsomba ali pa Domasi pompano. Akadapitako akadamuuza kuti dziwe limafuna madzi a chaka chonse ndi dothi losunga madzi, ndiponso kuti nsomba zimatenga miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi kuti zikule. Paja safunsa anadya phula.

Langizo langa ndi ili. Gulani kope, ndipo lembani tambala iliyonse yolowa ndi yotuluka. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, mugawe ndalama patatu: chakudya ndi fizi ya ana, mpamba wa kumunda, ndi zoyesera zatsopano. Gawo lachitatuli likhale lomwe likatayika banja silingagone ndi njala. Yambani pang'ono, ndipo musanatulutse ndalama kaonaneni ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.