KAMBALAME M'MANJA MWA MWANA: TIWERENGE CHITHUNZI CHA RAPHAEL

Anzanga, mu History timangoloweza kuti Renaissance inayambira ku Italy, basi. Koma kodi chithunzi cha nthawi imeneyo mungachimasulire? Tiyeni tiyesere pa chimodzi.

Cha m'ma 1505 mpaka 1506, Raphael anajambula chithunzi chotchedwa Madonna del Cardellino ngati mphatso ya ukwati wa mnzake Lorenzo Nasi. Lero chili ku Uffizi, mumzinda wa Florence.

Choyamba, nenani zomwe maso akuona. Maria wakhala pathanthwe, buku lili m'dzanja. Pamiyendo pake paima ana awiri: Yohane Mbatizi, wovala chikopa, akupereka kambalame kwa Yesu, ndipo Yesu akukasisita pamutu.

Chachiwiri, funsani tanthauzo. Kambalameko ndi goldfinch, kamadya njere za zomera zaminga ndipo kali ndi banga lofiira kumutu. Anthu a nthawiyo akakaona ankakumbukira chisoti chaminga ndi magazi. Ndiye taonani: ana akungosewera, koma mtanda uli kale m'manja mwawo. Nsalu yofiira ya Maria ankaimasulira kuti ndi chikondi ndi masautso, yabuluu ndi kumwamba.

Chachitatu, onani kaimidwe. Anthu atatuwa apanga ngati denga la nkhokwe: kutambalala pansi, kusongoka pamutu pa Maria. N'chifukwa chake chithunzicho chimaoneka chabata. Kaphazi ka Yesu kaponda paphazi la amayi ake, monga amachitira mwana aliyense wa kwathu kuno akafuna chitetezo. Apa ndi pamene pali Renaissance yeniyeni: oyera mtima akujambulidwa ngati anthu enieni, a mnofu ndi magazi.

Mu 1547 nyumba ya Nasi inagwa nthaka itagumuka, chithunzicho n'kusweka zidutswa 17. Anachilumikizanso, ndipo ntchito yomaliza yochikonza inatha mu 2008. Ife a Chikwawa ndi Nsanje, amene tinaona za Freddy mu 2023, tikudziwa kuwawa kwa kutola zotsala m'matope.

Ntchito yanu sabata ino: pezani chithunzi cha mayi ndi mwana, kaya pakalendala, kaya kutchalitchi, kaya m'buku. Yankhani mafunso atatu: ndikuona chiyani, chikutanthauzanji, achisanja bwanji? Sikuti mpaka mukhale Mkatolika ayi. Maso ndi omwewa. Mayankho perekani kwa akomiti ya magazini pofika Lachisanu.