Matumba atatu a mpweya amene amapulumutsa kaboti ka Optimist

Bwato losema la asodzi likadzaza madzi, kawirikawiri silipita pansi, chifukwa mtengo wakewo ndi wopepuka kuposa madzi. Nanga boti la fibreglass, chinthu cholemera kuposa madzi, limatani? Funso limeneli ndimakonda kuliponya tikafika pa lamulo la Archimedes, ndipo chitsanzo changa ndi kaboti koyendera mphepo kotchedwa Optimist.

Kabotika anakakonza ndi Clark Mills ku Clearwater, ku Florida, mu 1947. Nkotalika pafupifupi mamita 2.3, kamalemera makilogalamu 35, ndipo amakayendetsa ndi mwana mmodzi wosapitirira zaka 15. Kamatha kugudubuzika nkudzaza madzi. Nchifukwa chake malamulo a mipikisano yake amalamula kuti mukhale matumba atatu opopera mpweya: awiri m'mbali, limodzi kumbuyo. Thumba lililonse limalowa malita pafupifupi 45.

Tiyeni tiwerengetse. Paja Archimedes akuti chinthu chikamira chimakankhidwira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawachotsa pamalo pake. Lita imodzi ya madzi opanda mchere imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye thumba la malita 45 likamira lonse limanyamula makilogalamu pafupifupi 45, zomwe ndi 45 × 9.8, kapena kuti 441 N. Onse atatu ndi makilogalamu 135. M'madzi amchere chiwerengerochi chimakwerako pang'ono, popeza lita yake imalemera makilogalamu 1.025.

Mwina mukuti, 135 yonseyo ya chiyani pa boti la makilogalamu 35? Kusamira kokha sikukwanira. Mwana akalitembenuza boti, m'mphepete mwake muyenera kutuluka pamwamba pa madzi kuti athe kukapa. Ngati m'mphepete muli pansi pa madzi, akukapa nyanja yonse ameneyo, ndipo adzatopa asanafike pena paliponse.

Matumbawa amatha. Dzuwa limaumitsa nsalu yake, mchenga umaikwecha, valavu imayamba kutaya mpweya. Kuyesa kwake nkosavuta: popani thumba, pakani madzi a sopo pa valavu ndi m'misoko, muone pamene pakutuluka thovu. Likagona usiku nkupezeka m'mawa litafota, pali vuto. Kabowo kakang'ono mutha kukamata, koma msoko ukayamba kumasuka, ine ndinganene kuti gulani lina basi.

Pogula, choyamba ndi kukula kwake. Makampani opanga zida za maboti amenewa, monga Optiparts, amagulitsa matumba a malita 43 ndi 48. Onaninso pamene pali valavu, kuti muzitha kuifikira thumba litamangidwa kale. Chubu cha galimoto chimayandamadi, koma sichikwana bwino pamalopo, ndipo pa mpikisano sangakuloleni.

Chomwe anthu amaiwala kwambiri ndi malamba omangira thumba. Ganizirani bwino: madzi akukankhira thumba m'mwamba ndi 441 N, pomwe boti likufuna kupita pansi. Chikulumikiza ziwirizi nchiyani? Malamba aja, pamodzi ndi zomangira zake. Akadzaduka, thumba latsopano lokongolalo lidzayandama lokha nkumapita, boti nkutsala. Choncho posintha thumba, kokani lamba aliyense mwamphamvu, ndipo amene wayamba kuyoyoka ulusi achoke. Lowetsani thumba m'malamba lisanapopedwe, liwongoleni, kenako popani.

Koma musapope mpaka kulimba ngati mpira wamiyendo. Apa pakubwera fizikisi ina, ya mpweya ndi kutentha. Tinene kuti mwapopa m'mawa kukuzizira, pa 20 °C, ndipo masana boti lakhala padzuwa mpaka mpweya wa m'thumba wafika 50 °C. Pa sikelo ya Kelvin imeneyo ndi 293 K ndi 323 K. Gawani 323 ndi 293, mupeza 1.10. Ngati thumba lilibe potambasukira, pulesha ya mkati ikwera ndi 10 peresenti, pafupifupi 10 kPa. Zikumveka zochepa eti? Komatu 10 kPa ndi 10,000 N pa sikweya mita imodzi, ngati kusanjikapo tani yathunthu. Katundu ameneyu amathera m'misoko. Popani mpaka thumba litadzaza bwino, koma chala chizithabe kulibonyeza pang'ono.

Kagwireni iyi kunyumba: m'boti limodzi thumba lakumanzere laphulika, awiri otsalawo ali bwino. Mphamvu yonyamula yatsala ma newton angati? Ndipo boti likadzaza madzi lipendekera mbali iti? Jambulani mivi ya mphamvu zonse musanayankhe.