Kutsegula Chigawo cha Diski Kuchokera mu Fayilo Yokopera

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kum'mwera. Sukulu zambiri zinalowa madzi ndi matope. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzatumizidwa kusukulu zotere, mwina pafupi ndi Chitakale pomwe, kumene kompyuta imodzi ya mu ofesi ya ahedi imasunga mayina a ophunzira, malikisi awo ndi mndandanda wa olembetsa mayeso a MANEB. Kompyutayo ikafa, kawirikawiri diski yake imakhala ikadali ndi zonsezo. Phunziro ili likusonyeza mmene mungazitulutsire pogwiritsa ntchito Linux, monga Ubuntu, amene angathe kuyatsidwa kuchokera pa fulashi.

Yambani ndi kukopera

Diski yodwala imafooka nthawi iliyonse imene ikuzungulira. Choncho musafufuze mafayilo pa iyo mwachindunji. Ikopereni yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kukhala fayilo imodzi imene akatswiri amaitchula raw image. Ngati inanyowa, musaiyatse. Ipititseni kwa wodziwa kukonza. Ngati ikuwerengeka, pulogalamu ya ddrescue ndi yabwino chifukwa imadumpha malo owonongeka n'kudzabwererako pambuyo pake:

sudo ddrescue /dev/sdb sukulu.img sukulu.map

Yambani mwatsimikiza ndi lsblk kuti /dev/sdb ndiyedi diski ya sukuluyo. Onetsetsaninso kuti komwe mukusungira kuli malo okwanira, pakuti diski ya 500 GB imatulutsa fayilo ya 500 GB ngakhale itakhala ndi zinthu zochepa.

Chifukwa chake fayiloyo imakana kutseguka

Ambiri akafika apa amalemba mount sukulu.img /mnt, kompyuta n'kukana, iwo n'kuganiza kuti zonse zatayika. Sizinatayike. Diski ili ngati buku lokhala ndi mitu ingapo: tsamba loyamba ndi la zam'katimu, nkhani zenizeni zimayambira patsogolo. Ma byte 512 oyamba a diski yakale amasunga tebulo lotchedwa MBR, lonena pamene chigawo chilichonse, kapena kuti partition, chikuyambira. Makompyuta atsopano amagwiritsa ntchito tebulo la GPT. Lamulo la mount limafuna mutu umodzi, koma inu mwalipatsa buku lonse. Muyenera kuliuza poyambira.

Kupeza poyambira

Lembani fdisk -l sukulu.img. Muona mizere ya zigawo, ndipo pansi pa mawu akuti Start pali nambala ya sekita imene chigawo chikuyambira. Pamwamba pake palembedwa kukula kwa sekita, kawirikawiri ma byte 512. Masamu ake ndi a ku pulayimale: chulukitsani nambala ziwirizo.

Tiyerekeze kuti kompyutayo inali ndi Windows 7. Chigawo choyamba, chaching'ono cha 100 MB, chimayambira pa 2048 ndipo n'choyatsira makina basi. Chachiwiri, momwe muli zolemba za aphunzitsi, chimayambira pa 206848. Mukachulukitsa 206848 ndi 512 mupeza 105906176. Tsopano pangani foda ndi kutsegula:

sudo mkdir /mnt/sukulu
sudo mount -o loop,ro,offset=105906176 sukulu.img /mnt/sukulu

Mawu akuti loop akuuza Linux kuti aione fayilo ngati diski yeniyeni. Akuti offset akunena ma byte oti adumphe. Akuti ro akutanthauza kuwerenga kokha, ndipo musawaiwale: fayiloyi mwina ndi kope lokhalo lotsala, ndiye isasinthidwe ngakhale pang'ono. Lowani mu /mnt/sukulu/Users, ndipo mupeza Desktop ndi Documents za amene ankagwiritsa ntchito makinawo.

Njira yachidule

Ngati simukufuna kuwerengetsa, lamulo la losetup limawerenga tebulolo lokha:

sudo losetup -r -f -P --show sukulu.img

Likayankha kuti /dev/loop0, ndiye kuti zigawo zake ndi /dev/loop0p1, /dev/loop0p2 ndi zina zotero. Pa Ubuntu nambalayo ingakhale yokulirapo, choncho tsatirani imene mwapatsidwa. Kenako lembani sudo mount -o ro /dev/loop0p2 /mnt/sukulu. Mukatha kukopera zofunika, tsekani ndi sudo umount /mnt/sukulu, kenako sudo losetup -d /dev/loop0. Komabe masamu aja aphunzireni, chifukwa ndi amene amakuthandizani kumvetsa chomwe chikuchitika njira yachidule ikakanika.

Udindo wa wotsegula

Mukatsegula diski motere, mawu achinsinsi olowera mu Windows sakutchingani, pokhapokha ngati diskiyo inakhomedwa ndi BitLocker. Muona zonse: makalata a milandu ya ophunzira, malipiro a aphunzitsi, zithunzi za anthu. Musayambe popanda chilolezo cha ahedi, tengani zokhazo zimene mwatumidwa, ndipo fayilo ya sukulu.img muipereke kwa eni ake osasiya ina pa laputopu yanu. Ukatswiri wopanda kukhulupirika ungachotsetse mphunzitsi ntchito.

Yeserani

Musadikire tsoka. Tengani fulashi yakale, ikopereni ndi ddrescue, pezani poyambira chigawo chake, ndipo muitsegule m'njira ziwiri zonsezi. Kenako yankhani: ngati chigawo chikuyambira pa sekita 2048, offset yake ndi chiyani? Mukapeza 1048576, mwakhoza. Mukadzafika kusukulu yanu yoyamba, dzapempheni kuti zolemba za mu ofesi zizikoperedwa pa diski ina sabata iliyonse, ndipo diskiyo izisungidwa m'nyumba ina, pamalo okwera, nyengo ya dzinja isanafike.